Lero ndalowa ndi ayezi m'kalasi

Lachitatu. Kutentha kwa Okutobala kuno ku Chipata mukukudziwa nokha, ndiye tangoganizani kuphunzitsa za glacier, chimulu cha ayezi chimene chimatsetsereka pang'onopang'ono pamtunda ngati mtsinje, thukuta likuyenderera kumsana, kwa ana oti ayezi amene amamudziwa ndi ma ice block ogula pa geti basi. Dzulo usiku ndinathira madzi m'kakontena, nkuponyamo mchenga ndi timiyala, nkukasiya mufiriji ya aneba poti kwawo kuli sola. M'mawa ayeziyo ndamukulunga m'thaulo, panjinga mpaka kusukulu.

Ndinayamba ndi ayezi wopanda kanthu, kukhutiza pathabwa. Langonyowa basi. Kenako uja wa miyala, ndinauza mnyamata wina wamphamvu kuti akanikize uku akukoka, eee thabwa lonse mizeremizere, ana kukuwa. Apa ndi pamene ndimafuna agwire, chifukwa ambiri amangoloweza zoti chigwa cha glacier chimaoneka ngati U koma ukawafunsa chifukwa chake ziii. Ayezi payekha ndi wofewa kuposa thanthwe. Chimene chimapala ndi miyala yomwe yamatirira kunsi kwake, kuphatikiza kulemera. Chipale chofewa chikamagwa chaka ndi chaka osasungunuka chonse chimapanikizana mpaka kusanduka ayezi wochindikala mamita mazanamazana, ndiye amayamba kutsetsereka yekha, ambiri osafika ndi mita imodzi patsiku. Madzi amalowa m'ming'alu ya thanthwe nkuundana, ayezi akamasuntha amazula zibenthu, zibenthuzo ndiye mano ake opalira kutsogoloko.

Mtsinje umadula pansi pokha, nchifukwa chake chigwa chake kumapiri chimakhala ngati V. Glacier amadzaza chigwa chonse, amadya pansi ndi m'mbali momwe nthawi imodzi, akachoka pansi pamatsala potakata, makoma ali chilili. Ndinawaonetsa pafoni chithunzi cha Yosemite ku California, komwe timitsinje tam'mbali tinatsala m'mwamba, madzi ake amachita kugwa kuchokera pakhoma. Foni imodzi ana kalasi yonse, inazungulira mpaka batire kutsala pang'ono kufa. Ku Norway zigwa zotere zinalowedwa ndi nyanja, Sognefjord kutalika kwake kupitirira makilomita 200, kuya kupitirira mamita 1,300. Phiri la Matterhorn nalo, la m'malire a Switzerland ndi Italy, la mamita 4,478, nsonga yake ija inasongoka chifukwa ayezi analikumba mbali zonse. Za moraine, milu ya dothi ndi miyala imene ayezi amataya posungunuka, ndangodutsapo, belu linali pafupi.

Mtsikana wina wa kumbuyo, yemwe sakonda kuyankhula, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye chigwa cha Luangwa chinakumbidwanso ndi ayezi? Si chachikulu chija?" Funso limeneli landisangalatsa kuposa zonse lero. Ndinamuuza kuti ayi mwanawe, Luangwa ndi nthaka imene inang'ambika nkutitimira, za rift valley zija. Mapiri athu ngati Kanjala nawonso ndi dzuwa, mvula ndi mitsinje zawasema. Koma asaone ngati nkhaniyi ndi ya azungu okha. Mapiri a kuno ku Africa monga Kilimanjaro, Mount Kenya ndi Rwenzori ali ndi ayezi mpaka pano ngakhale akutha msanga, Kilimanjaro yataya woposa 80 peresenti kuyambira 1912. Ndiponso zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, Africa ili yolumikizana ndi Antarctica, India ndi South America, kum'mwera kunoku kunakutidwa ndi ayezi. Pafupi ndi Kimberley ku South Africa kuli matanthwe okhala ndi mizere yomwe ayeziyo anakanda, ilipo mpaka lero. Apa ana anakana ndithu, wina akuti aphunzitsi mwayamba kutinamiza.

Ayezi wanga pofika buleki anali madzi amatope pa desiki, monitala anakolopa akung'ung'udza. Ndaweruka mochedwa, ndadutsa ku Kapata kugula tomato ndi kapenta. Magetsi abwera cha m'ma 21, mabuku oti ndichonge akadali mulu.