Kanyali kachikasu m'galimoto ya alamu

Lachiwiri, Lilongwe.

M'mawa ndinaperekeza alamu kugalaja. Toyota yawo, yomwe anaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, yayamba kuyatsa kanyali kachikasu kosathima: chithunzi cha galimoto, kumbuyo kwake timizere tiwiri tokhotakhota.

Mnyamata wina pagalajapo sanachedwe. "Bwana, zimenezo n'zachizungu. Tingochotsa babu, nkhani yatha." Alamu, poti mwezi uli pakati, anayamba kugwedezera mutu. Makaniki wamkulu ndiye anakana. "Iwe, galimoto ya eni ikagubuduzika ukayankha ndiwe?"

Kanyaliko n'ka VSC, makina othandiza kuti galimoto isaterereke n'kuchoka mumsewu. A Honda amati VSA, a Nissan VDC, Ajeremani ESP, koma ntchito ndi imodzi. Kompyuta imaona mmene mwapindira chiwongolero, liwiro la tayala lililonse, ndi kumene galimoto ikulowera. Zikasemphana, mwina mwakhotera kumanja iyo ikupitabe molunjika, kapena kumbuyo kwayamba kuterereka, imamanga buleki patayala limodzi lokha n'kuchepetsa mphamvu ya injini. Dalaivala, ngakhale katswiri chotani, sangathe zimenezi, chifukwa phazi likaponda buleki limagwira matayala onse anayi. Kanyaliko kakamaphethira ndiye kuti makinawo ali pantchito. Kakangoyaka osathima, pali chawonongeka.

Kampani ya Bosch inayamba kuika makinawa m'magalimoto odula a Mercedes-Benz mu 1995. Anatchuka mu 1997, atolankhani a ku Sweden atagubuduza Mercedes A-Class yatsopano poyesa kuzemba mwadzidzidzi ngati kuti nyama yalowa mumsewu. A Mercedes anachita manyazi, n'kuika ESP m'galimoto zonse za mtunduwo. Ku European Union, kuyambira Novembala 2014 galimoto yatsopano siigulitsidwa ilibe makinawa, ndipo bungwe la IIHS la ku America, lofufuza za chitetezo cha pamsewu, linapeza kuti amachepetsa ndi pafupifupi theka ngozi zakupha zomwe galimoto imachita payokha. Aliyense amene anazembapo mbuzi kapena wakabaza pa M1 mvula ikugwa akudziwa kuti kuzembako sikuvuta, chovuta n'kubwezera galimoto mumsewu.

Vuto la alamu linali laling'ono: waya wa sensa, kachipangizo koyeza liwiro la tayala lakumbuyo, unaduka, mwina ndi maenje a njira yakwawo. Pofika masana anali atalumikiza, kanyali katathima.

Chomwe chinandidetsa nkhawa ndi matayala. Awiri akumbuyo ndi akaunjika, atha mpaka kusalala. Kompyuta ingamange buleki mwanzeru bwanji, ngati tayalalo silikugwira phula, palibe chingachitike. Ndinawauza alamu pamaso pa makaniki, mwadala, kuti asowe pothawira.

"Alamu, mukufuna ndigone ndi njala?" anatero akuseka.

Tamvana kuti Loweruka tikafunse mitengo ya matayala, ndipo ulendo wawo wa ku Ntcheu uyambe wadikira.