Wilo yokha siteteza ana aang'ono: momwe trust imagwirira ntchito pa chuma chamasiye

Lamulo la chuma chamasiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, linalowa m'malo mwa lakale la 1967, ndipo likunena momveka kuti kulanda chuma chamasiye ndi mlandu woti munthu atha kukakhala kundende zaka 10. Koma lamuloli limagwira mosavuta wachibale wobwera ndi lole tsiku la kusesa. Wovuta kumugwira ndi uja anapatsidwa chumacho mwalamulo kuti asungire ana, n'kumadya pang'onopang'ono mpaka mwana akafika zaka 18 n'kupeza nyumba inagulitsidwa kalekale.

Wilo imanena yemwe alandire chiyani. Mwana wa zaka 7 sangasaine pepala la nyumba kapena kutolera lendi, choncho pamafunika wamkulu wogwira chumacho m'malo mwake. Apa ndi pamene trust imalowera: mumapereka chuma m'manja mwa osunga, mumatchula opindula, ndipo mumalemba malamulo oti osungawo atsate. Dzina la pa mapepala limakhala la osunga, koma phindu lonse ndi la opindula.

Njira zilipo ziwiri. Mutha kuika trust mkati mwa wilo kuti iyambe kugwira ntchito mukamwalira, ndipo kwa mabanja ambiri imeneyi ndi yokwanira komanso yotsika mtengo. Wiloyo ikhale yolembedwa, muisaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Mboni isakhale munthu yemwe akulandirapo kanthu. Njira ina ndi kukhazikitsa trust mukadali moyo, kudzera kwa loya. Anthu ambiri amagwa apa: amasaina chikalata, n'kuchiika m'sutikesi, osasintha umwini wa nyumba ku ofesi ya malo kapena blue book ya galimoto. Chomwe sichinasamutsidwe sichili mu trust, chidzagawidwa ngati chuma chamasiye china chilichonse. Munda wa makolo womwe uli pansi pa mfumu, wopanda mapepala a m'dzina lanu, musauwerengere konse.

Nkhani yaikulu ndi kusankha osunga. Musasankhe mmodzi, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Ikani awiri kapena atatu, wina wakuchimuna, wina wakuchikazi, ndipo ngati chumacho ndi chambiri onjezerani wakunja kwa banja monga loya kapena wowerengera ndalama, malipiro ake alembedwe. Amalume atha kukhalamo, koma osati chifukwa choti ndi eni mbumba basi. Funsani kaye ngati amasunga malisiti. Tchulaninso wolowa m'malo wina akamwalira kapena akakana.

Kenako mangani manja awo m'chikalatamo. Ndalama zikhale mu akaunti yakeyake ya kubanki, yotapa ndi masaini awiri, ndipo lendi ipite kumeneko mwachindunji, isadutse pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Fizi ilipidwe kusukulu, osati m'manja mwa wolera mwana. Chaka chilichonse osunga apereke lipoti lolembedwa, pamodzi ndi sitetimenti ya kubanki, kwa kholo lotsala kapena munthu wina yemwe mwamutchula. Aletsedwe kugula katundu wa trust, kubwereka ndalama zake, kubwereketsa abale awo, kapena kuika nyumba ngati chikole cha ngongole. Kubwereka ndiye khomo lomwe ndalama zambiri zimatulukira, chifukwa wobwerekayo sadziona ngati wakuba. Pa malo olembetsedwa, opindula atha kuika caution, lomwe ndi chenjezo lolembedwa m'kaundula wa malo, ku ofesi ya malo kuti nyumba isagulitsidwe mwakachetechete.

Lembaninso nthawi yogawa. Kumupatsa mnyamata chuma chonse tsiku lomwe wakwanitsa zaka 18 si nzeru kawirikawiri. Mutha kunena kuti fizi ndi chithandizo cha kuchipatala zipitirire mpaka atamaliza maphunziro, gawo lina alandire pa zaka 21, lotsala pa 25. Ngati mukufuna mkazi kapena mwamuna wanu akhale m'nyumbamo moyo wake wonse kenako ipite kwa ana, zilembeni choncho. Ana onse atchulidwe, a kunja kwa banja omwe, pakuti khoti lili ndi mphamvu yopatsa gawo mwana kapena mkazi wosiyidwa wopanda chithandizo, ndipo mlandu wotero umadya chuma chomwe mumafuna kuteteza.

Ndalama za penshoni zimayenda njira yakeyake: zimatsata fomu yotchula olandira yomwe munadzaza kuntchito, osati wilo. Fomuyo muionenso mukakwatira, mukasudzulana kapena pakabadwa mwana, ndipo wilo nayonso ilembedwenso pa nthawi zimenezo.

Osunga akayamba kuzemba lipoti, opindula kapena wowalera alembe kalata yofunsa maakaunti n'kusunga kope lake. Akapanda kuyankha, Bwalo Lalikulu litha kuwalamula kuonetsa mabuku, kuwachotsa, ndi kuwabwezetsa zomwe zasowa kuchokera m'thumba mwawo. Wopanda ndalama ya loya ayambire ku Legal Aid Bureau kapena ku ofesi ya Administrator General, yomwe ndi ofesi ya boma yoyang'anira chuma chamasiye, atanyamula kope la wilo, chiphaso cha imfa ndi mndandanda wa katundu.