Tsiku limene ndinakwera phiri la Zomba ndi Bingo

Bingo wakhala nafe zaka zitatu ku Chigumula, ndipo nthawi yonseyi dziko lake linali mpanda, geti ndi kamsewu kopita kugolosale. Ndi galu wamba wa kwathu kuno, wofiirira, wamakutu oimirira. Usiku amatilondera ife tili mtulo. Ndinkafunitsitsa kuti tsiku lina nayenso akapitidwe mphepo, akanunkhize fungo lina osati la khoma la njerwa. Ndinasankha phiri la Zomba chifukwa kumalo osungirako nyama zakutchire monga Liwonde ndi Majete agalu saloledwa, ndipo kunyanja dzuwa likanamuwaula.

Ulendowu unayambira pa khadi la katemera, kutatsala masabata atatu. Nditalitulutsa m'dilowa ndinapeza kuti chaka chinali chitadutsa chibayitsireni katemera wa chiwewe. Ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto, anamubaya, n'kudinda khadi, n'kundipatsanso mankhwala odontheza pakhosi othamangitsa nkhupakupa ndi utitiri. Apa sindinafune kuchita chidule. Ife a ku Blantyre tikudziwa chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu khomo ndi khomo mu 2015: ana ankafa ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo matendawa akangoonekera m'thupi palibenso chomupulumutsa munthu. Kutenga galu wosabayitsa kupita naye pakati pa anthu n'kuseweretsa moyo wa ana a eni.

Kenako chingwe. Unyolo wa pakhomo ndi wolemera, ndiye ndinagula chingwe cholimba cha mamita awiri ndi kolala yatsopano, n'kulembapo nambala yanga ya foni. Madzulo aliwonse ndinkamuyendetsa m'dera lathu mpaka anasiya kundikoka ngati ng'ombe yapangolo. Ndinaimbiranso foni malo ena odyera a paphiripo kufunsa ngati amalola agalu. Anandiyankha mwaulemu kuti ayi, choncho tinanyamula kamba wathu.

Tinanyamuka Loweruka lina mu Ogasiti, m'mamawa kukuzizira. Bingo sindinamupatse chakudya m'mawawo, madzi okha, chifukwa galu wosazolowera galimoto amasanza. Ndinayala thumba ndi bulangete lakale kumpando wakumbuyo, mwana wanga wamkazi n'kukhala naye atagwira chingwe. Msewu wa M3 tinauyenda mosavuta. Pa Namadzi tinaima pang'ono kuti atsike adzithandize. Chomwe chinamuvuta ndi msewu wokhotakhota wokwera phiri kuchokera m'tauni ya Zomba: dovu linayamba kuchucha, maso ali tunguluza. Ndinachepetsa liwiro, tinatsitsa galasi pang'ono, ndipo anapirira mpaka pamwamba.

Atangotsika, mchira unayamba kugwira ntchito. Fungo la paini, dothi lonyowa, mphepo yozizira ya phiri lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, zonse zinali zachilendo kwa iye. Tinadutsa m'mbali mwa damu la Mulunguzi, iye akukokera kumadzi, koma ndinamukaniza. Madzi amenewo ndi omwe anthu a mumzinda wa Zomba amamwa. Ndinamuthirira a m'botolo m'kambale kake.

Panjira yopita ku mathithi a Williams m'pamene ndinamvetsa ntchito ya chingwe chija. Ife timati tabwera kudzacheza, koma phirili ndi pantchito pa anthu ena. Kutsogolo kwathu kunatulukira amayi atatu atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, akutsika mothamanga pang'ono monga amachitira munthu wolemedwa. Wotsogola ataona galu anaima njii. Munthu wosenza mtolo wotero sangadumphe, sangathawe. Akadzidzimuka ndi khosi lomwe lingapweteke. Ndinakulunga chingwe kudzanja, n'kupatuka kulowa paudzu, n'kumukhazika Bingo pansi pakati pa miyendo yanga.

"Dutsani amayi, ndamugwira."

"Saluma ameneyo, bambo?"

"Saluma, komanso anabayitsa. Khadi lake lili m'thumbamu."

"Zikomo, mwachita bwino. Ena amangowasiya."

Mawu omalizawo anandikhala mumtima tsiku lonse. Mantha a agalu kwathu kuno si achibwana, ali ndi pochokera. Ndinachitanso chimodzimodzi kwa anyamata ogulitsa sitiroberi ndi zipatso za mulunguzi m'mbali mwa msewu: mwana wanga anapita kukagula, ine ndi galu tinaima chapatali.

Anyani tinakumana nawo titatsala pang'ono kufika kumathithi. Bingo ndiye anayamba kuwamva, ubweya wakumsana n'kuima. Nkhwere yaikulu inakhala pachitsa ikutiyang'ana, yosasuntha n'komwe. Mano a nyani wamphongo amang'amba galu ngati nsalu, ndipo galu womasuka akawathamangira m'nkhalango mwina simumuonanso. Ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka gulu lonse linawoloka njira. Pamathithipo ndinamulola kuviika miyendo m'mphepete, chingwe chili kudzanja, chifukwa miyala yake ndi yoterera.

Masana tinakwera ndi galimoto kupita ku Emperor's View, pomwe mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaimapo mu 1965. Msewu wake ndi wafumbi ndi wamabampu, umafuna galimoto yokwera. Kunali kowala, tinaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Pamenepa pali phompho, ndiye chingwe ndinachimangirira kumtengo tisanatsegule chakudya. Bingo anadya nsima yake ya bonya, n'kugona padzuwa mutu uli paphazi la mwana wanga. Zimene anachita panjira ndinazitola ndi jumbo, n'kuzitsitsa pamodzi ndi zinyalala zathu.

Tinatsika isanakwane 4 koloko, chifunga chisanatseke msewu. Kufika kunyumba, ndisanalowe n'komwe, ndinamukhazika pakhonde n'kumufufuza ndi tochi m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala. Ngakhale anali ndi mankhwala aja, ndinapeza nkhupakupa ziwiri kuseri kwa khutu, zisanakhute magazi. Ndinazichotsa ndi kopanira, kugwira pafupi ndi khungu kuti mutu usatsalire. Usiku umenewo Bingo sanauwe ngakhale kamodzi.