Lachitatu: waya, phula ndi funso la mtsikana wa kumbuyo

Kutacha magetsi kunalibe, tiyi ndawiritsa pa mbaula. Kutentha kwa Okutobala kuno ku Chipata sikudikira kuti dzuwa likwere. Pofika pa Kapata malaya anali atamatirira kale kumsana.

Phunziro la lero linali la maginito. Ndajambula dziko pa bolodi, ndi mizere ija ya mphamvu ya maginito yotuluka kum'mwera n'kukalowa kumpoto, monga ndimachitira chaka chilichonse. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene mawu ake sindiwamvaimva, wakweza dzanja.

"Aphunzitsi, mizereyo imangokhala duu ngati mmene mwajambuliramo?"

Silabasi ndaiika pambali. Ndawauza kuti imanjenjemera usana ndi usiku. Dzuwa limauzira mphepo ya tinthu tamagetsi, solar wind, yothamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Ikagunda mphamvu ya maginito ya dziko, makilomita pafupifupi 60,000 pamwamba pathu kumbali ya masana, imatumiza mafunde mkati. Hannes Alfvén wa ku Sweden ndiye ananena mu 1942 kuti mafunde angayende motsata mizereyi, ndipo mu 1970 analandira mphotho ya Nobel. Mu 1954 James Dungey anawonjezera kuti mzere uliwonse uli ngati waya wa banjo womangidwa kuwiri, nsonga zake zitagwira mu ionosphere, mpweya wa kumwamba kwambiri wodzaza tinthu tamagetsi, kum'mwera ndi kumpoto. Waya wotere uli ndi liwu lakelake. Funde likafika logwirizana ndi liwulo, mzere umavomera mwamphamvu, inzake ya pambali n'kumangogwedera pang'ono. Resonance ndi imeneyo.

Mnyamata wina watulutsa foni kuti ayeze. Mafoni saloledwa m'kalasi, koma ndakhala ngati sindinaone. Yaonetsa mphamvu ya maginito ya ma microtesla pafupifupi 30, ndiye kuti ma nanotesla 30,000, manambala akumapeto akuvinavina. Wakuwa kuti wawagwira mafunde! Ndamukhumudwitsa. Kuno kwathu kunjenjemerako nthawi zambiri kumakhala nanotesla imodzi kapena kuchepera, ngati kusowa kwa kwacha imodzi pa K30,000. Zimene zimavina pa foniyo ndi phokoso la foni yomweyo ndi zitsulo za desiki. Ngakhale akatswiri a ku South Africa anasamutsa malo awo oyezera maginito kuchoka ku Cape Town kupita ku Hermanus mu 1941, chifukwa sitima zamagetsi zinkasokoneza makina.

Mpaka apa zinkayenda. Ndafotokoza kuti kufupi ndi nsonga za dziko mizere ndi yaitali, imagwedezeka mwaulesi, kamodzi pa mphindi zingapo. Mafunde amenewo asayansi amawatcha Pc5. Ukamayandikira equator mizere imafupika ndipo imafulumira, n'kupereka mafunde a masana otchedwa Pc3, a masekondi 10 mpaka 45. Waya wamfupi, liwu laling'ono. Mwana aliyense wopanga banjo ya chitini amazidziwa.

Kenako pakamwa pandipereka. Ndanena kuti ukapitiriza kuyandikira equator ya maginito, imene kuno ku Africa imadutsa cha ku Addis Ababa, lamuloli limatembenuka: mzere ukufupikabe koma liwu lake likutsika. Mtsikana uja wafunsa chifukwa chake. Ndayamba za ma ion, maatomu okhala ndi magetsi, za kulemera kwa plasma, mpweya wa tinthu tamagetsi wa kumwambako, ndikuona maso a ana akuzima mmodzimmodzi. Belu landipulumutsa. Ndatuluka ndi manyazi.

Madzulo ndapeza amalume a ku Katete ali pakhonde, abwera kudzagulitsa nshawa. Ali ndi kambiri kang'oma kawo kamene sakasiya, ankakawotcha chikopa pa mbaula. Titadya nsima ya lumanda ndawadandaulira za kalasi ija, osati kuti andithandize, koma kungopepuza mtima. Amvetsera akupukuta manja.

"Iwe mphwanga, sukulu yonseyi osadziwa zimenezo? Kang'oma kakang'ono ukakamata phula pakati kamalira ngati ng'oma yaikulu. Si kukula ayi, ndi kulemera."

Ndakhala kaye chete. N'zimenezo ndendende. Mizere yaitali imakwera kutali kumene kuli hydrogen wopepuka. Yathu yaifupiyi sikwera kwambiri, gawo lalikulu limadutsa mu ionosphere momwe mwadzaza ma ion a oxygen, olemera kuposa a hydrogen ka 16. Oxygen ndiye phula. Ndipo n'chifukwa chake asayansi amatha kuyeza kuchuluka kwa plasma ya kumwambako ali pansi pano: amamvetsera liwu la mzere n'kuwerengera katundu amene wasenza, monga woimba amadziwira phula lachuluka asanayang'ane n'komwe.

Amalume afunsa ngati munthu angaimve nyimbo imeneyi atatchera khutu usiku. Ndati ayi, khutu limayamba kumva chinthu chikagwedezeka ka 20 pa sekondi, pamene izi zimagwedezeka kamodzi pa masekondi 20. Amachita kujambula n'kuthamangitsa kwambiri kuti zimveke. Apukusa mutu, akuti ng'oma yoimba mochedwa chonchi palibe angavine.

Ndawapempha kang'omako kuti ndipite nako kusukulu mawa, ndikakaimbe kopanda phula, kenako komata. Avomera, koma akuti Lachisanu madzulo kakhale katabwera, Loweruka kuli ukwati kumudzi. Phula akuti ndikagule langa.