Kompyuta yomwe ndamanga ikungothima: zolemba za sabata imodzi

Loweruka, 14 Juni

Ndamaliza kulumikiza zonse cha m'ma 4 koloko madzulo ano, koma chimwemwe sichinakhalitse. Ndikadina batani, fani ya pa purosesa (ubongo wa kompyuta) imagwedezeka kamodzi, kanyali ka kutsogolo kamaphethira, kenako zii. Sekondi imodzi siyikwana. Ndikadinanso kachiwiri palibe chimene chikuchitika, pokhapokha nditazimitsa swichi ya kumbuyo kwa power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta), kudikira pang'ono, n'kuyatsanso. Ndikatero imagwedezekanso kamodzi komweko n'kuthima.

Mkatimo muli purosesa ya AMD Ryzen 5 5600G, motherboard yaing'ono ya B450 ya mtundu wa micro-ATX (bodi yomwe zipangizo zina zonse zimalumikizidwapo), ma RAM awiri a DDR4 a 8GB iliyonse (osunga zinthu kwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito), SSD yosungiramo mafayilo ya 500GB ndi power supply ya 500W. Ndinasankha 5600G chifukwa imatulutsa yokha zithunzi pa sikirini popanda kugula khadi lina lapadera, komanso imangodya 65W. Chakale ndi bokosi lokha, lomwe ndinagula kwa munthu wina ku Lilongwe. Zonsezi ndagula chimodzichimodzi kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndi ndalama ya mbatata ya kachewere yomwe timalima kumunda kwathu ku Bembeke. N'chifukwa chake mtima wanga suli m'malo usiku uno. Katundu wogula m'miyezi yosiyanasiyana, wina kudzera mwa anzanga, sungangomunyamula kukabweza.

Cholinga changa ndi choti ndizikonzerapo mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati omwe ndimajambula. Laputopu yanga yakale imatenga usiku wonse kumaliza vidiyo ya ola limodzi.

Lamulungu, 15 Juni

Tabwera ku tchalitchi, ndayamba ndi zosavuta. Nthambo yaikulu ya mapini 24 ndaizula n'kuibwezeretsa mpaka kakolowekedwe kake kanalira kuti "tswa". Nthambo ya mapini 8 yopatsa moto purosesa, ya pakona yam'mwamba ija, ili m'malo, ndipo ndaonetsetsa kuti ndi yolembedwa CPU (ya purosesa) osati PCIe (ya khadi la zithunzi), poti ziwirizi zimafanana maonekedwe koma mawaya ake amayenda mosiyana. RAM ndayesa imodzi yokha, kenako inzake, m'malo osiyanasiyana. SSD ndachotsa. Batire laling'ono la CR2032 ndalichotsa kwa mphindi zisanu kuti BIOS, pulogalamu ya m'bodi yoyambitsa kompyuta, ibwerere m'mene inalili pochokera ku fakitale. Palibe chasintha.

Kwa maola angapo ndinakakamira pa BIOS. Ma bodi a B450 anatuluka mu 2018, pomwe 5600G inayamba kugulitsidwa payokha mu 2021, choncho bodi yokhala ndi BIOS yakale siyingaizindikire purosesayi. Koma pa katoni ya bodi yanga pali chomata chonena kuti ndi yokonzeka kulandira Ryzen 5000, gulu lomwe muli 5600G. Komanso bodi yosazindikira purosesa nthawi zambiri imangozungulitsa mafani osaonetsa kanthu pa sikirini. Yangayi siyizungulitsa n'komwe.

Kukuzizira kwambiri kuno sabata ino. Nkhungu ya pa phiri la Dedza inachoka dzuwa litakwera kale, ndipo ndikugwira ntchito nditavala juzi. Juzi ndi mpweya wouma wa mwezi uno zimasonkhanitsa timagetsi ta m'thupi tija timathetheka ukagwira chitseko cha galimoto, kotero ndisanakhudze bodi ndikumayamba ndagwira chitsulo cha bokosi.

Lachiwiri, 17 Juni

Dzulo lonse ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti power supply ndi yakufa. Lero ndainyamula m'chikwama kupita nayo kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mawailesi ndi ma TV pafupi ndi msika wa pa boma. Ndimawadziwa kuyambira ndili ku pulayimale, bambo anga ankapititsa wailesi yawo komweko.

Sanafune kumva zambiri. Anatenga kawaya, n'kulumikiza waya wobiriwira wa pa nthambo ya mapini 24 ndi wakuda woyandikana nawo. Wobiriwirayo ndi umene bodi imagwiritsa ntchito pouza power supply kuti iyake. Atayatsa swichi, fani yake inayamba kuzungulira bwinobwino, osaima. Kenako anatenga mita yawo yoyezera magetsi, yong'aluka galasi ndi yomangidwa ndi mphira, n'kuyamba kupisa m'mabowo. Waya wachikasu unaonetsa 12.1, wofiira 5.05, wa olenji 3.3. Malire ovomerezeka ndi 5 peresenti kumtunda kapena kumunsi, ndiye kuti pa 12V paliponse pakati pa 11.4 ndi 12.6 ndi pabwino.

"Mwana wanga, ichi chilibe mlandu pamene chili chokha," anatero. "Chikanyamula katundu mwina n'kuonetsa khalidwe lina, koma ine sindikuchikayikira. Tandiuza, ikumathima patapita nthawi yaitali bwanji?"

"Nthawi yomweyo, madala. Kuphethira kamodzi."

"Ukadinanso ikumayaka?"

"Ayi, mpaka ndizimitse kumbuyo."

Anagwedeza mutu. Anandifotokozera kuti chida chamagetsi chikathima nthawi yomweyo n'kukana kuyakanso, kawirikawiri ndiye kuti chakumana ndi shoti ndipo chadzitseka chokha podziteteza. Chikayaka kwa kanthawi n'kuthima pambuyo, ganizira za kutentha. Makompyuta a masiku ano akuti sawadziwa kwenikweni, koma ma amplifaya akhala akuwaonetsa zimenezi kwa zaka zambiri. "Kachotse chilichonse m'bokosimo, ukayale pa katoni. Shoti yambiri imabisala pamene chitsulo chakhudza posayenera."

Ndinafuna kuwalipira, anakana. Ndawasiyira mbatata ya m'jumbo yomwe ndinatengera mlongo wanga, iye ndimupatsa ina.

Lachitatu, 18 Juni

Magetsi kunalibe m'mawa wonse, ndiye ndinagwiritsa ntchito nthawiyo kumasula. Bodi ndinaiika pamwamba pa katoni yake yomwe, pa tebulo. Katoni ndi yabwino chifukwa siyidutsa magetsi. Ndinasiyapo purosesa ndi chozizitsira chake, RAM imodzi, nthambo ziwiri za moto ndi HDMI basi.

Ndisanayese, ndinaganiza zoona ngati mapini a purosesa anapindika. Purosesa za mtundu wa AM4, monga yangayi, zili ndi mapini 1,331 kunsi kwake, opyapyala ngati tsitsi, ndipo limodzi likagona pa linzake zinthu zimasokonekera. Ndinamasula chozizitsira mochipotokola pang'ono kuti chisazule purosesa m'malo mwake, ndinaunika mizere yonse ndi tochi ya foni. Onse ali chilili. Ndinabwezeretsa mwachangu chifukwa magetsi anali atayaka ndipo sindinadziwe kuti akhala nthawi yaitali bwanji.

Popanda batani la bokosi, ndinakhudzitsa nsonga ya sikuludiraiva pa timapini tiwiri tolembedwa PWR_SW, pomwe batanilo limalumikizidwa. Fani inazungulira. Ndinawerenga chamumtima, imodzi, ziwiri, zitatu, ikuzungulirabe. Patapita masekondi ngati 20 sikirini inawala, chizindikiro cha bodi chinaoneka. Ndinafuula mpaka mayi a ana anathamanga kuchokera kukhitchini ndi mthiko m'manja.

Ndiye vuto lili m'bokosi. Ndinaliika chagada n'kuwerenga timiyendo tamkuwa tomwe bodi imakhalapo, tomwe amati ma standoff. Ntchito yake ndi kukweza bodi kuti kunsi kwake kusakhudze chitsulo, ndipo kalikonse kayenera kukumana ndi bowo la screw. Bodi yanga ili ndi mabowo 6. Pamalo pomwe inagona panali timiyendo 7. Mwini wake wakale anali ndi bodi ya mabowo ena, ndipo kamwendo kake kamodzi kanatsala cha kumunsi, pafupi ndi malo olowetsa makhadi. Nditatembenuza bodi ndinaona pomwe kanakanda: kachizindikiro kozungulira, kowala, pakati pa timitu ta mtovu tiwiri towotcherera. Ndinayang'anitsitsa nthawi yaitali ngati pali kanjira komwe kaduka kapena kupsa. Sindinaone kuda kulikonse, ndipo fungo la chopserera kulibe.

Loweruka lija ndinaona kuti timiyendo tilimo kale, ndinakondwera kuti ntchito yachepa, osawerenga. Kamwendoko ndakachotsa ndi pulayala ndipo ndakasunga m'kabotolo pa shelefu. Chimene chapulumutsa bodi yanga ndi chitetezo cha mu power supply yomwe ndinkaikayikirayo. Ikanakhala ya mtundu wotchipa wopanda chitetezo cha shoti, bwenzi lero ndikulemba zina.

Lachinayi, 19 Juni

Ndabwezeretsa zonse m'bokosi. Yayaka. Ndalowa mu BIOS, yaona purosesa, yaona 16GB yonse, yaona SSD. Ndaika fulashi ya Windows, ndayambitsanso, timadontho tija tayamba kuzungulira, kenako phwii, yathima.

Ndinakhala pansi kaye. Maganizo oyamba anali akuti kamwendo kaja kanawononga china chake chomwe chikuonekera tsopano. Koma ndinakumbukira funso la madala aja, ndipo ndinatenga foni n'kuyamba kuwerenga nthawi. Ulendo woyamba inakhala masekondi 70. Nditayatsanso nthawi yomweyo inakhala 30 okha. Ndinaisiya mphindi 15, inabwereranso pa 70 ndi kanthu. Ndipo batani likugwira ntchito popanda kuzimitsa kumbuyo. Awa ndi matenda ena, osiyana ndi oyamba aja. Shoti siyisamala kuti makina apuma nthawi yaitali bwanji, koma kutentha kumasamala.

Za kutentha sizinandibwerere m'mutu n'komwe poyamba, chifukwa m'chipinda muno zala zikuchita kuuma ndi chisanu. Koma purosesa ndi kanthu kakang'ono kotulutsa moto wambiri pamalo ochepa, ndipo mphepo ya ku Dedza siyingaifikire ngati chitsulo chozizitsira sichinagone bwino pamwamba pake. Ndinalowa mu BIOS n'kungoyang'ana nambala ya kutentha. Inayambira pa madigiri 58, kukwera 70, 82, 91, osabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka. Malire a 5600G ndi madigiri 95. Sindinadikire kuti idzithimitse, ndinazimitsa ndekha.

Chozizitsira chomwe chimabwera ndi purosesayi chili ndi ma screw anayi okhala ndi masipuling'i, omwe amalowa m'chitsulo cha kuseri kwa bodi. Nditachigwedeza ndi chala, mbali imodzi inatukuka. Lachitatu lija pofulumira ndinamanga awiri a mbali imodzi mpaka kumapeto, ndipo awiri enawo anangozungulira m'mwamba osagwira mazinga. Nditachichotsa umboni unali poyera: phala lotuwa la thermal paste, lomwe limadutsitsa kutentha kuchoka pa purosesa kupita ku chozizitsira, linaphwatalala theka limodzi lokha la purosesa, theka linalo kuli mbuu, louma, losakhudzidwa. Komanso phalalo linali logwiritsidwa kale ntchito, lomwe sindinayenere kulibwezeretsa.

Pa boma pano ndazungulira mashopu a mafoni anayi, thermal paste palibe. Mnyamata wina anandilangiza kuti ndipake mankhwala otsukira mano, akuti amatero pa malaputopu. Ndakana. Mankhwala amenewo ali ndi madzi, akauma amasanduka fumbi ndipo kutentha kumabwerera. Sindinasunge ndalama miyezi isanu ndi iwiri kuti ndichite zimenezo pa purosesa yatsopano. Ndaimbira msuweni wanga ku Lilongwe, agula mawa n'kupatsira kondakitala wa minibasi yobwera kuno.

Loweruka, 21 Juni

Kachubu kanafika dzulo madzulo, kokulungidwa m'nyuzipepala. Lero m'mawa ndapukuta purosesa ndi kunsi kwa chozizitsira ndi spiriti wa ku famase pa kansalu kosathothoka, mpaka zonse zinawala. Ndadontheza phala kukula ngati njere ya nandolo pakatikati, osalipaka ndi chala, poti chitsulo chikapanikiza limafalikira lokha. Ulendo uno bodi ndinaitulutsanso m'bokosi n'kuigoneka pa tebulo, kuti chitsulo cha kuseri chisathawe. Ma screw ndawagwiritsa kaye onse anayi pang'onopang'ono, kenako kumanga mopingasa, wa pakona iyi kenako wa pakona yoyang'anizana nayo, iliyonse kuizungulitsa kawiri pa ulendo umodzi, mpaka onse anaima okha.

Mu BIOS nambala yaima pa madigiri 37. Ndaiyang'ana kwa mphindi 20, tiyi mpaka kuzizira m'kapu, siyinapitirire 39. Windows yalowa popanda vuto. Masana ndaipatsa vidiyo ya chinkhoswe cha ku Linthipe chomwe ndinajambula mwezi watha, ndipo purosesa itapanikizika kwambiri inafika pa 74 n'kukhazikika pomwepo. Ntchito yomwe laputopu inkachezera usiku wonse yatha ndisanamalize kudya nsima ndi kutsuka m'manja.

Zatsala ziwiri. RAM ikuyenda pa liwiro la 2133 pomwe pa paketi yake palembedwa 3200, ndiye ndiyenera kuyatsa XMP mu BIOS, yomwe imalola RAM kuyenda pa liwiro lake lolembedwa, makamaka poti zithunzi za 5600G zimadalira liwiro la RAM. Ndichita zimenezo Lolemba, nditaiona kaye ikugwira ntchito masiku awiri osasinthapo kanthu, kuti ikathimanso ndidziwe chomwe chachititsa. Chinacho ndi UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi kwakanthawi akathima. Magetsi akathima pakati pa ntchito kapena akabwera mwamphamvu, makinawa alibe chowateteza kupatula ka adaputa ka pakhoma, choncho pakadali pano ndikumazula pulagi ndikamachoka. Mbatata ya kudimba ikakumbidwa, ndalama yoyamba ipita kumeneko.

Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndidutsira kwa madala aja ndi kamwendo kamkuwa kaja m'thumba, akakaone.