Mphepete mwa bulangete musamathamange

Amayi anzanga oluka muno mu Mzuzu, June wayandikira ndipo maoda a mashawelo a ana ayamba kale kubwera. Koma pali chinthu chimandiwawa. Munthu waluka bulangete lokongola mwezi wathunthu, kufika m'mphepete n'kungothamanga kuti alandire ndalama. Wogula amayamba kugwira m'mphepetemo!

Musanayambe maluwa kapena timano tokongoletsera m'mphepete, zungulirani kaye mzere umodzi wamba ndi koloshi. Pa kona iliyonse lowetsani katatu pa bowo limodzi, apo ayi kona ipindika ngati khutu la galu. Mukaona m'mphepete mukuchita mafunde, mwachulutsa masitichi. M'mphepetemo mukamakokana, mwachepetsa kapena dzanja lanu likumanga kwambiri, ndiye tengani koloshi yokulirapo.

Za ulusi, gulani wokwanira tsiku limodzi. Mukabwerera ku msika wa Taifa patapita milungu, mtundu womwewo umapezeka wosiyanako pang'ono, ndipo padzuwa zimaonekeratu. Wa thonje usiyireni madoilo ndi nsalu za patebulo. Shawelo ya mwana imafuna wofewa wouma msanga, poti ndi kamvula kathu kano zochapa zimachedwa pachingwe.

Mphonje zazitali pa shawelo ya khanda ine ndimakana, ngakhale mwini atalimbikira. Tizala timakodwamo.