Ndinagula zazikazi ziwiri, ndinadzapezeka ndi atambala awiri

Usiku wina nditangozimitsa magetsi a pathanki, ndinaona kuti kansomba kanga kakang'ono sikanalowe m'miyala monga mwa nthawi zonse. Kanali pakona yapamwamba, kuseri kwa pampu, mutu uli m'mwamba, kakupuma mwawefuwefu. Chipsepse chakumchira chinali chitang'ambika ngati sanza. Amene munawetapo nsomba za m'madzi amchere mukudziwa tanthauzo lake. Nsomba ikamagona pamwamba pomwe palibe pobisala, ndiye kuti pansi ponse yachita kuthamangitsidwapo.

Wolakwa ndinali ine, ndivomereretu. Thanki yanga ndi ya malita 120, masentimita 60 mulitali, ndipo ndinaikamo nsomba ziwiri za mtundu umodzi wa wrasse, wotchedwa Paracheilinus carpenteri. Ndi tinsomba tofiirira, ta mizere yopyapyala yabuluu, tosapitirira masentimita 8, ndipo kwawo ndi kunyanja za ku Philippines ndi madera oyandikira. Wogulitsa anandiuza kuti zonse ndi zazikazi, ndipo sananame. Zinalidi zazikazi tsiku limenelo. Ine mumtima ndinati, zazikazi ziwiri zingalimbirane chiyani?

Miyezi inayi yoyamba zinkasambira limodzi ngati pachibale. Imodzi inali yokulirapo pang'ono, mwina ndi theka la sentimita, ndipo ndinkangoitchula kuti Wamkulu. Inayo ndinkati Kamchira. Kenako Wamkulu anayamba kusintha. Mtundu unawala, ndipo pachipsepse chapamsana panatuluka timinga titalitali ngati ulusi. Madzulo magetsi akamayamba kuchepa mphamvu, ankathamanga uku ndi uku m'thanki atatambasula zipsepse zonse, thupi likuchita ng'aning'ani ngati wayatsidwa. Ndinasangalala koopsa. Ndinajambula mavidiyo osawerengeka. Ndinkaona ngati ndapata banja lansomba popanda kulivutikira.

Chimene ndinali ndisanachimvetse bwino n'chakuti mwa nsomba zambiri za wrasse, ukazi si wamuyaya. Zambiri zimayamba moyo zili zazikazi, ndipo ina ikakula n'kupeza mpata imasanduka yaimuna. Chimene chimatsegula kapena kutseka mpatawo ndi anzake amene yakhala nawo. Mu 1972, katswiri wina wa nsomba, D. R. Robertson, anafalitsa zimene anaona ku Heron Island pa Great Barrier Reef ku Australia, pa wrasse wotsuka nsomba zinzake uja, Labroides dimidiatus. Yaimuna imodzi imakhala ndi gulu la zazikazi, ndipo imaziopseza kawirikawiri, makamaka yaikulu pa zonse. Yaimunayo ikafa kapena ikachotsedwa, pasanathe maola ochepa yaikazi yaikulu ija imayamba kuchita zachimuna, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu imakhala yaimuna yeniyeni yotha kubereketsa. Wrasse wa mutu wabuluu wa ku Caribbean, Thalassoma bifasciatum, amamaliza kusinthako m'masiku pafupifupi 10 okha.

Ndiye kuthamangitsana kumene ndinkaona kunali ndi chifukwa chake. Wamkulu sanali wankhanza chabe ayi, ankagwira ntchito yopondereza mnzake kuti asasanduke. Kunyanja zimenezi zimatheka popanda kuphana, chifukwa ukali wa yaimuna umagawikana pa zazikazi zambiri, ndipo yothamangitsidwa imangosendera mamita angapo nkhani n'kutha. M'thanki yanga ukali wonse unkathera pa Kamchira yekha, ndipo akathawa masentimita 60 ankagunda galasi n'kubwerera m'kamwa mwa womuthamangitsayo.

Kuthamangitsana kwina n'kwabwinobwino, ndipo musamathamangire ukonde mukangoona nsomba ikuopseza inzake. Ngati yothamangitsidwa ikubwerera pakati pa madzi patangotha kamphindi, ikudya nawo, zipsepse zili zamphumphu, zisiyeni zikambirane zokha. Zoopsa ndi pamene yasiya kudya, mtundu wafwifwa, mamba akuchoka, kapena ziwirizo zayamba kugwirana pakamwa n'kumapotana. Kugwirana pakamwa ndinakuona kamodzi kokha, ndipo ndi tsiku limene ndinayang'anitsitsa pamsana pa Kamchira n'kuona kamunga kamodzi kakuyamba kutalika. Nayenso anali paulendo wosanduka nsomba yaimuna. Eni nsomba ambiri amadandaula zomwezi, kuti m'thanki zazikazi za mitundu imeneyi zimasandukabe ngakhale yaimuna ilipo. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo khola langa linali laling'ono ngakhale kwa tambala mmodzi.

Ndinayamba ndi kuyeza madzi, poti nsomba yodwala ndi imene anzake amayamba kuijompha. Amoniya panalibe, mchere unali pa 1.025, kutentha madigiri 25. Vuto silinali kumeneko.

Kenako chakudya. Nsomba zimenezi zimadya tizilombo toyandama m'madzi tsiku lonse, pang'onopang'ono, ndipo ine ndinkazipatsa kawiri kokha. Ndinayamba kuzipatsa tizilombo tating'ono ta m'madzi totchedwa mysis kanayi patsiku, pang'ono kwambiri, ndikuthira mbali ziwiri za thanki nthawi imodzi kuti Wamkulu asathe kulondera konse. Izi zinathandiza pa chinthu chimodzi: Kamchira anayambanso kudya. Koma kuthamangitsana sikunachepe, chifukwa sankalimbirana chakudya.

Ndinasuntha miyala. Anthu amati ukasokoneza malo, nsomba zonse zimakhala ngati alendo n'kuyambiranso. Ndinaphwasula khoma la miyala lija n'kumanga milu iwiri, pakati ndikusiya mpata, kuti wina akakhala kuseri kwa mulu mnzake asamuone. Zoti asamaonane zija n'zothandizadi, ndipo miluyo ndinaisiya choncho mpaka lero. Koma Wamkulu anakhala ngati mlendo tsiku limodzi ndi theka lokha. Ndinathyolanso korali wina (chamoyo cha m'nyanja chooneka ngati mwala) pochita zimenezo, amene anatenga chaka kuti afike pomwe anali.

Galasi loonera ndilo linandiseketsa. Ndinamata kagalasi kakang'ono kunja kwa thanki, mbali ya kumanzere. Wamkulu atadziona anapenga. Tsiku lonse anali pamenepo, kutambasula zipsepse, kugunda galasi, kubwerera, kugundanso, Kamchira akusambira mwaufulu mbali inayo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Pofika tsiku lachinayi ankangodutsa osacheuka n'komwe. Zinandikumbutsa kafukufuku wa Masanori Kohda ndi anzake wa mu 2019, amene anaika magalasi kwa Labroides dimidiatus: masiku oyamba nsombazo zinkalimbana ndi chithunzi chawo, kenako zinasiya, ndipo zitaikidwa kadontho pakhosi zinkapita kukadzikhula pamchenga zikadziona. Sindikunena kuti Wamkulu wanga anadzizindikira. Ndikungoti sanapusitsike nthawi yaitali. Galasi ndi lothandiza masiku awiri kapena atatu pamene mukulowetsa nsomba yatsopano, basi.

Chinatsala ndi kabokosi koonekera mkati, kokhala ndi timabowo, kokoleka m'thanki momwemo. Wotsekera ndi wovutitsayo, osati wovutitsidwa, kuti wofookayo apeze nthawi yodya, yopola ndi yodziwa mapanga. Kumugwira Wamkulu ndiye kunali ntchito. Ukonde ukangokhudza madzi ankalowa m'mwala ngati mphezi. Ndinadula botolo lapulasitiki, kukamwa kwake n'kulowetsa chamkati, n'kuikamo chakudya. Analowamo tsiku lachitatu, ine nditakhala pampando kwa ola lathunthu ndisakugwedezeka.

Anakhala m'bokosi masiku 10. Kamchira anachira bwino, mchira unamera, ananenepa, mtundu unabwerera. Ndinadzitama kuti ndaupeza mankhwala. Koma tsiku lotsegula bokosi ndinamuyang'ana bwino Kamchira, ndipo mtima unangoti phwii. Kamunga kamodzi kaja kanali katasanduka tiwiri, ndipo madzulo a dzulo lake ndinali nditamuona akutambasula zipsepse kutsogolo kwa bokosilo. Ndikukhulupirira kuti ndinachita ndekha zimene Robertson anachita kunyanja: ndinachotsa wopondereza, mpata n'kutseguka. Bokosi limagwira ntchito pakati pa mitundu yosiyana imene ikungofunika kuzolowerana. Pa ziwiri za mtundu umodzi, ine linangondifulumizitsira tsoka.

Nkhondo imene inatsatira inali yoipa kuposa yoyamba, chifukwa tsopano Kamchira ankabwezera. Usiku wachiwiri ndinamva kuti phwa, ndipo nditayatsa tochi ndinapeza madzi ali pa ukonde wovindikira thanki. Wina anadumpha n'kubwezedwa ndi ukondewo. Apa ndinene mosapita m'mbali: thanki ya wrasse yopanda chivindikiro ndi manda oyembekezera mwini wake. Ukonde wa timabowo ta mamilimita 6 ndi wokwanira, ndipo mutseke ngakhale kampata kodutsa mawaya, poti ndi pomwe zimatulukira.

Mawa lake ndinatcheranso botolo, ulendo uno kufuna Kamchira. Ndinamupereka kwa mnzanga wina woweta nsomba amene ali ndi thanki ya malita 400, yopanda wrasse wina wa mtundu umenewu.

Akandifunsa munthu wa thanki yaing'ono, ndimamuuza kuti mtundu uliwonse wa wrasse ikhale imodzi. Akafuna ziwiri, asankhe zosafanana mtundu, maonekedwe ndi kogona. Panopa Wamkulu amakhala ndi wrasse wachikasu wotchedwa Halichoeres chrysus, amene usiku amadzikwirira mumchenga pomwe iye amalowa m'mng'alu wa mwala n'kudzikuta ndi zoterera zotuluka m'thupi mwake. Wina amafunafuna chakudya pansi, wina m'madzi apakati. Anaopsezana masiku awiri n'kuiwalana. Koma wa mizere isanu ndi umodzi uja, Pseudocheilinus hexataenia, musamuyese n'komwe. Kukongola ali nako, komanso amadya tizilombo tina tovutitsa korali, koma akakhazikika m'thanki yaing'ono salola wrasse wina aliyense, wa mtundu wake kapena wina. Ofuna kuona gulu lenileni, yaimuna imodzi ndi zazikazi zingapo, afunika thanki yaitali kwambiri kuposa yanga, kuzilowetsa zonse tsiku limodzi, komanso kukhala ndi thanki ina yapadera yodikira tsiku limene ina idzasanduke.

Patatha miyezi iwiri mnzanga uja ananditumizira chithunzi. Ndinachita kufunsa ngati ali Kamchira yemwe uja. Timinga tapamsana tinali titatalika kuposa ta Wamkulu, zipsepse zili tambasu, akuthamanga pakati pa thanki yonse ngati mwini mudzi. Wamkulu kuno masiku ano sadzionetsa kawirikawiri ngati kale. Madzulo ena okha, chipinda chikachita mdima magetsi a thanki akadali oyaka, amaona chithunzi chake pagalasi lakutsogolo, n'kutambasula zipsepse kamodzi kapena kawiri, kenako n'kupita kukagona.